Makutu Anga Anali a Rozina

Mavuto, chotsa dzanja pakamwapo. Ukabisa milomo ndimadziwa kuti ukundinena, ndipo Eneresi sangaseke chonchi pachabe. Wati chiyani? Kuti agogo amayankhula ngati akuitana ng'ombe kudambo? Sekani, mano mukadali nawo. Mawu angawa ine sindiwamva, ndiye ndingadziwe bwanji kuti akula kapena achepa? Senderani kuno nonse, lichero la nsawali libwere pakati, manja aziswa uku mukumvetsera. Makutu muli nawo abwinobwino, koma ntchito yake ndi kutsekamo tizingwe ta foni basi.

Ana inu munandipeza ndili gonthi kale, ndiye mumayesa ndinabadwa choncho, khasu lili m'manja. Iyayi. Ine ndinali namwino, mzamba wophunzira, wa yunifomu yoyera ndi kawotchi pachifuwa. Ntchito imeneyo sindinaisiye chifukwa cha ukalamba, ndipo palibe munthu anafera m'manja mwanga chifukwa cha kusasamala. Anandilanda ndikadali ndi mphamvu zanga zonse. Amayi anu akamakamba nkhaniyi amadumpha pena ndi pena kuti andisungire ulemu, koma ine lero sindidumpha.

Ndiyambire ku sukulu ya unamwino, chifukwa mantha anga anayambira kumeneko. Tsiku lotilandira anatindandalika pakhonde atsikana tonse. Ankatiyendetsa uku ndi uku, kutiwerengetsa zilembo zapakhoma diso limodzi titatseka, kenako wina n'kutinong'oneza kumbuyo kuti aone ngati timva. Panali mtsikana wina wa mwendo umodzi waufupi, wanzeru kuposa tonsefe, mayeso anakhoza bwino kwambiri. Anamubweza tsiku lomwelo, bokosi lake la zovala asanalitsegule n'komwe. Ndinamuona akutuluka pageti akutsimphina, bambo ake atamusenzera bokosilo. Ndinangoyamika Mulungu kuti ine ndine wamphumphu, ndipo ndinaphunzira tsiku lomwelo kuti ntchito yosamala odwalayi siifuna munthu wokhala ndi chilema.

Nditamaliza maphunziro ndinazungulira pang'ono, kenako ananditumiza pa kachipatala kena kakang'ono m'boma lathu lino la Chadiza, chakumalire uko. Dzina lake silikukhudzani. Zipinda zinali zitatu, malata ofiira ndi dzimbiri, mtengo wa mango pabwalo. Odwala ankabwera pa njinga, pa ngolo, ena pamsana pa abale awo. Inu mukaona jekeseni wa masiku ano, wobaya kamodzi n'kutaya, mumayesa zinayamba choncho. Ife athu anali a galasi, tinkawiritsa mu kapoto pa pulayimasi, ndipo singano ikabuntha wodwala ankadziwira pathako. Magolovesi tinkachapa n'kuyanika pachingwe. Kapu yoyera ya kumutu ndinkaiviika m'madzi a ufa wa chinangwa kuti iume gwa, n'kuisita ndi nsimbi ya makala. Kakhala ka moto kakagwera pa yunifomu, tsiku lonse lawonongeka. Malemu agogo anu aamuna ankati ndimasamala kapuyo kuposa iwo, ndipo sankanama.

Chida chimene ndinkachikonda kwambiri chinali kachitsulo kena konga lipenga, kotalika ngati chikhatho, ife tinkangoti kalipenga. Kukamwa kwake kotambasuka umaika pamimba pa mayi woyembekezera, mbali inayo n'kutsamiritsapo khutu lako. Ukapeza malo abwino umamva mtima wa mwana wam'mimba ukugunda mofulumira, iwe maso pa wotchi, ukuwerenga. Ukamathamanga mopitirira kapena ukamagunda mwaulesi, ndiye kuti mwana ali pa mavuto, mayiyo apite ku chipatala chachikulu msangamsanga. Makina kunalibe kwathu kuja. Moyo wa mwana unkadalira khutu la mzamba.

Tinalipo atatu pa ntchito. Panali bambo wina amene anthu ankamutcha adokotala, woona matenda wamba, panali ine wa amayi oyembekezera, ndiye panali a Rozina osesa ndi kukolopa. A Rozina anachokera ku Mozambiki, anathawa nkhondo ndi ana awiri ndi poto mmodzi, amuna awo anatsala komweko ndipo sanamvekenso. Sukulu sanapondeko. Anali mayi wamtali, wosayankhulayankhula, wa fodya wamphuno. Poyamba sitinkamwerana madzi, chifukwa ankakonda kukolopa nthawi imene ine ndikufuna kudutsa, ndipo ndikawakalipira ankangondiyang'ana n'kupitiriza.

Chakudza sichiimba ng'oma. Dzinja lina, chimanga chikumasula, ndinagwidwa malungo aakulu aja olowa m'mutu. Za ulendo wa pa ngolo kupita ku boma sindikumbuka chilichonse, amandiuza ndi anthu. Anandiika madilipi a kwinini, mankhwala owawa aja amene inu simunawalawe. Kwinini aliyense amamulizitsa m'makutu, ndinkadziwa zimenezo, ndinkauza odwala anga ndekha kuti musaope, zimatha. Nditatsitsimuka m'mutu mwanga munali nyenje zikulira. Ndinadikira sabata, ndinadikira mwezi. Nyenjezo zilimo mpaka lero. Khutu lamanzere linafa lonse, lamanjali limangotola zinthu zikuluzikulu, bingu, chitseko chomenyetsa, ng'oma za gule zikayandikira. Kaya anali malungowo, kaya mankhwalawo, sindidziwa, ndipo kudziwako sikungandibwezere kanthu.

Ndinabwerera ku ntchito osauza munthu, kupatula agogo anu aamuna. Ndinkakumbuka mtsikana wa pageti uja. Mayi woyamba kumuyeza tsiku limenelo ndinamugoneka, ndinafufuza ndi manja mpaka ndinapeza pamene pali msana wa mwana, ndinaika kalipenga, ndinatsamiritsa khutu. Zii. Ndinasintha khutu, ndinakanikiza mpaka mayiyo anakwinya nkhope. Palibe. Ndiye ndinachita chinthu chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero, ndinagwedeza mutu ngati ndamva, n'kumuuza kuti mwana ali bwino. Atatuluka ndinakhala pa mpando. Ndinali nditanamiza mayi za moyo wa mwana wake.

A Rozina anali pakona ndi chikolopa chawo, ndipo anaona zonse. Anatuluka, anamuthamangira mayi uja n'kumubweza, ati asisita aiwala kuyeza china. Atamugonekanso anasamba m'manja, anatenga kalipenga patebulo, anabwera kudzaima kutsogolo kwanga kuti ndione milomo yawo.

"Asisita, inu muloze malo. Ine ndimva."

Ndinafuna kuwakalipira kuti wosesa sagwira zida, koma ndinangotambasula dzanja n'kulandira. Ndinaika kalipengako pamalo pake, iwo anawerama n'kutsamiritsa khutu. Anamvetsera. Kenako dzanja lawo linafufuza mkono wanga, ndipo chala chawo chinayamba kundigogoda, go go go go, mofulumira, motsatira mtima wa mwanayo. Ine maso pa wotchi, ndikuwerenga pa khungu langa. Mwana anali bwinodi. Misozi inatsala pang'ono kugwera pamimba pa mwiniwake.

Ndi mmene tinayambira. Musaganize kuti zinali zachibwana, ayi, ndinawaphunzitsa ndithu. Nthawi zina m'kalipenga umamva mtsempha wa mayi m'malo mwa mtima wa mwana, ndipo munthu wosadziwa akhoza kusokoneza. Ndiye ine dzanja limodzi ndinkagwira mtsempha wa mayiyo padzanja pake, mkono winawo a Rozina akugogoda. Ziwirizo zikamayendera pamodzi ndinkadziwa kuti talakwitsa malo, tiyambirenso. Bipi ndinkayeza ndi chala pa mtsempha, maso pa kasingano ka makina. Pobadwitsa ndinkayang'ana nkhope ya mayi, kapumidwe kake, kaumidwe ka mimba pansi pa dzanja langa. Mwana akatuluka sindinkafunika kumva kulira, ndinkaona chifuwa chake ndi mtundu wa milomo yake. Maso anga anathwa kuposa kale, moti zina ndinkaziona msanga kusiyana ndi nthawi imene ndinkamva. Adokotala aja anazindikira, koma anakhala chete, n'kumandilembera zinthu pa timapepala. Ankadziwa kuti ine ndikachoka adzabadwitsa okha ana, ndipo magazi a uchembere ankawaopa koopsa.

Amayi a ku sikelo ndinkawauza kuti ndikuphunzitsa a Rozina ntchito. Iwo ankangovomera. Ine mumtima ndinkadzitama kuti ndine wochenjera, ndawerenga milomo ya anthu zaka zisanu ndi chimodzi popanda wondigwira. Ndinkadabwa kuti bwanji amayi a dera lija amayankhula momveka bwino chonchi, molunjika kumaso, mosathamanga. Eneresi, usaseke, sindinafike poseketsa.

Mwa amayi amenewo munali a Naphiri, a cha ku Mlolo, ntchembere ya ana asanu ndi atatu, mayi wa pakamwa ndi wa nyimbo. Pa mimba yawo yomaliza anabwera ku sikelo alibe dandaulo lililonse, akuseka ndi anzawo. Titawagoneka, chala cha a Rozina chinayamba bwino, kenako chinayamba kuzengereza, kugogoda n'kuima, kugogoda n'kuima. Ndinawayang'ana ndikuyesa atopa. Anapukusa mutu. Tinabwereza katatu, chimodzimodzi. Ndinatumiza uthenga kwa amuna awo a Naphiri kuti amange ng'ombe pa ngolo pompano, osadikira kuti akaweruke kumunda. A Naphiri anakana, ati ndabereka ana asanu ndi atatu pa mphasa, lero mundiuze za mpeni? Ndinawakalipira mpaka anakwera. Ku chipatala chachikulu anawang'amba tsiku lomwelo, ndipo anapeza mchombo utamuzinga mwana m'khosi. Mwana ameneyo ndi bambo tsopano, amayendetsa minibasi ya ku Chipata, ndipo akandiona pa siteji amatsitsa munthu pa mpando wakutsogolo kuti ndikhalepo ine.

Tsono mudziwe mwambo wa ku sikelo. Masiku ano ndaona amayi amangokhala pa benchi aliyense maso pa foni. Kale tisanayambe kuyeza, amayi ankakhala pansi pa mango paja n'kuimba kaye. Nyimbo za kulera, za phala la nsinjiro, zoseka abambo osaperekeza akazi awo. Ankapeka okha, ndipo wotsogolera anali a Naphiri. Ine ndinkaomba m'manja motsatira manja a anzanga, n'kumagwedeza milomo. Nyimbo simungaiwerenge pa milomo, ana inu. Pakamwa pa munthu woimba pamatambasuka mwina, ndipo akamavina nkhope siikhala malo amodzi.

Chaka china titangokolola, nthawi ya chisanu, tinalandira uthenga kuti kukubwera alendo odzaona mmene tikugwirira ntchito. Tinasesa, tinapaka laimu miyala ya m'njira, kapu yanga ndinaiumitsa kuposa masiku onse. Tinapangana ndi a Rozina kuti tsiku limenelo iwo agwire tsache lawo basi, ine ndikayeza ndekha mwachiphamaso, amayiwo tidzawayezenso bwino alendo akapita. Anafika pa galimoto yoyera, anthu atatu. Wamkulu wawo anali mayi wa magalasi, wonenepa bwino, wa nsapato zogogoda. Dzina lake ndikulidziwa koma sinditchula, anatsogola kale.

Amayi a sikelo anali atamva za alendowo, ndipo a Naphiri anali atawaphunzitsa nyimbo yatsopano mwachinsinsi, yondithokoza ine. Anaganiza kuti akuluakulu akamva mmene anthu amandikondera andikweza pa ntchito. Anavala zitenje zofanana. Alendo atakhala pa mipando, amayi anaimirira n'kuyamba. Ankavina akubwera kwa ine, kundigwira manja n'kuwakweza m'mwamba, kenako kugwira makutu awo n'kuloza kumene kunaima a Rozina. Ine ndinasangalala. Ndinaomba m'manja, ndinamanga chitenje pamwamba pa yunifomu n'kulowa m'bwalo, ndinatyola chiuno pamaso pa alendo. Ndikutembenuka choncho ndinaona a Rozina ataima chilili, tsache lili m'manja, nkhope itagwa ngati alandira uthenga wa maliro. Ndinayang'ana kwa alendo. Mayi wa magalasi anali atasiya kuomba m'manja, akutsegula kabuku kake. Ine ndinapitiriza kuvina, chifukwa sindinkadziwa chochita china.

Mawu a nyimboyo anandiuza a Rozina madzulo ake, pang'onopang'ono, kuseri kwa chipatala.

Asisita athu ndi manja,
makutu ndi a Rozina,
ngakhale samva ndi athu,
mwana wanga ali moyo.

Ndinawafunsa kuti amayiwa anadziwa liti. Anati kuyambira mwezi woyamba. Dera lonse linkadziwa, mpaka abambo a pa bawo. Amayi ankauzana m'njira pobwera ku sikelo, wachilendo aliyense ankalangizidwa kuti ukafika uziwayang'ana kumaso asisita, usamayankhule utawerama, usamathamange. Zaka zonse zija ndinkayesa ndikuwabisira, pamene iwo ndi amene ankandinyamula, osandiuza kuti ndingachite manyazi. Anazolowera mpaka anaiwala kuti ndi chinthu chobisa.

Koma ndadumpha. Nyimbo itatha, mayi wa magalasi anandiitanira m'chipinda choyezera n'kutseka chitseko. Anandiuza kuti ndiyang'ane kukhoma. Ndinayang'ana. Ndinaima choncho ndikuona kalendala, ndikudziwa kuti kumbuyo kwanga munthu akuyankhula, mwina akunditchula dzina, mwina akundifunsa funso la mwana wa sukulu. Nditatembenuka ndinapeza akundiyang'ana mwachisoni. Bola akanakalipa. Chisoni chimenecho chinandivulaza kuposa ukali.

Ndinamuuza zonse, sindinabise. Ndinamupempha chinthu chimodzi, kuti amayi ali panjapo, tiitane mmodzi, ine ndi a Rozina timuyeze, kenako iye amvere yekha ndi khutu lake aone ngati tiphonye. Anakana. Anati zimenezo m'buku mulibe, ndipo wosesa kugwira chida cha chipatala ndi mlandu pawokha. Ndinati chabwino, nditumizireni namwino wina wa makutu tizigwira awiri, ntchito ndi yambiri kale. Anavula magalasi n'kuyankhula pang'onopang'ono kuti ndione bwino.

"Namwino ayenera kukhala wathunthu."

"Ine ndatsala pang'ono pokha," ndinatero. "Manja alipo, maso alipo, mutu ulipo. Chaona mnzako chapita, mayi, mawa chili pa inu."

Mawu omalizawo sindikanayenera kunena, koma mukundidziwa pakamwa panga. Analembanso m'kabuku.

Sindikuti mayi uja anali mfiti, ayi. Pena anali ndi mfundo. Ndinalakwa kubisa, ndipo tsiku loyamba lija ndinanamiza munthu. A Rozina akanadwala sabata yathunthu ndikanatani? Funso limenelo linkandisowetsa mtendere zaka zonsezo. Koma ndinabisa chifukwa ndinkadziwa chimene chimachitika ukanena, ndipo chinachitikadi chomwecho.

Ananditumiza ku chipatala chachikulu cha ku tauni kukayezetsa makutu. Ndinakwera minibasi pa boma m'mawa, fumbi la mseu uja likulowa ndi m'mano momwe. Anandiika m'kachipinda, zinthu kumakutu, ati ukamva kulira ukweze dzanja. Dzanja langa linakhala pa ntchafu. Pambuyo pake anandiitana pamaso pa madokotala anayi atazungulira tebulo. Ankadziwa kuti ndine gonthi, pepala linali patsogolo pawo, koma onse ankayankhula ataweramira mafayilo. Moyo wanga unkagamulidwa ine ndikuona zipala za pamitu pawo. Ndinawadula mawu, mwina mokuwa, kaya. Ndinati ngati uzamba waletsedwa ndisiyeni ndizibaya katemera, ndiziyeza ana pa sikelo, ndizitsuka mabala, ndiziphunzitsa amayi, bala silifuna khutu. Mmodzi anadzutsa mutu n'kumwetulira, n'kuweramanso.

Palibe ndi mmodzi yemwe anandifunsa kuti mayi, mukufuna chiyani kuti mupitirize ntchito? Funso lalifupi ngati limenelo. Iwe Eneresi umati ukufuna unamwino, ndipo ndi pakamwa pakopo udzafika pokhala mkulu wa anzako. Tsiku lina adzaima patsogolo pako namwino wa ndodo, kapena wa diso limodzi, kapena gonthi ngati ine. Udzamufunse funso limenelo usanatsegule kabuku. Ndaona pa milomo ya anthu kuti masiku ano ati zinayamba kusintha, ena olumala akumawalandira ku sukulu za unamwino. Kaya. Ine ndi maso angawa sindinamuonebe ndi mmodzi yemwe atavala yoyera kuno kwathu.

Kalata inabwera ndi mvula yoyamba. Anati ndapumitsidwa pa ntchito chifukwa cha matenda. Ine sindinkadwala, ndinkatha kupalasa njinga mpaka ku Zingalume n'kubwerako tsiku lomwelo. A Rozina anawachotsanso, iwo popanda ngakhale mawu aulemu. Anabwerera ku maganyu a m'minda ya anthu, mayi amene ankadziwa mtima wa mwana wosabadwa kuposa ena a masatifiketi. Sanandidandaulepo ngakhale tsiku limodzi. Ankabwera kuno Lamlungu lililonse, tinkakhala pakhonde pomwe pano osayankhula zambiri, iwo akufwenkha fodya wawo. Atamwalira ndinawasambitsa ndine.

Pa kachipatala paja panakhala popanda mzamba madzinja awiri athunthu. Ati kunalibe wofuna kubwera kumudzi kotere. Amayi anabwerera kukaberekera m'nyumba, ena pa ngolo m'njira ya ku boma. Ena mwa amayi amene anavina tsiku lija ndinakawaika m'manda ndi ana awo m'mimba. Ena ankabwera kuno kunyumba kuti ndingowagwirako pamimba, ndipo ndinkawabweza, chifukwa kalata inati ndikagwira munthu ndi mlandu. Ndinkawabweza kenako n'kulowa m'nyumba kukalira. Gonthi anali woopsa, koma chipinda chotseka ndi loko sichinali choopsa kwa iwo.

Tsono pali tchimo langa lina, limene amayi anu sakamba. A Naphiri atamva zimene nyimbo yawo inachita, anabwera kuno ndi nkhuku yoyera m'manja. Anagwada apo pali mtondopo, ntchembere yonse ija, n'kuyamba kuyankhula. Ine ndinatembenuza nkhope. Ife agonthi tili ndi nkhanza imodzi imene inu simungaithe, tikayang'ana kumbali munthu watha, ngakhale alire bwanji. Anazungulira kudzagwada kumene ndinayang'anako, ine ndinatembenukiranso kwina. Anabwera katatu. Kachitatu anasiya nkhukuyo yomanga miyendo pakhomo n'kumapita. Ndinkadziwa kuti sanalakwe, anandiimbira chifukwa chondikonda, koma mkwiyo wanga unkafuna munthu wokhala pafupi, poti a ku ofesi anali kutali. Ndinkati ndidzapita kwawo mtima ukatsika. Ndinapitako pa maliro awo. Mpaka lero sindidziwa mawu amene ananena atagwada apo.

Mavuto, ukudya nsawa zambiri kuposa zimene ukuponya m'lichero. Ndikukuona.

Mwezi wathawu mkulu wanu Misozi anandipempha kuti ndimuperekeze ku sikelo, poti mwamuna wake ali ku ntchito kutali. Ndinakana kaye. Chichokereni sindinalowemo m'chipinda choyezera amayi, ngakhale amayi anu ali ndi mimba zanu ndinkathera panja. Koma Misozi mukumudziwa, sasiya. Tinapita. Chipatala changa chija anachikuza, pali magetsi a dzuwa padenga, mango aja anadula. Namwino wake ndi mtsikana wamng'ono, waulemu ndithu, wopanda kapu kumutu. Misozi anamuuza kuti agogo samva, muziwayang'ana kumaso, ndipo anandilola kulowa.

Ndinayang'ana patebulo kufuna kalipenga, panalibe. Mtsikanayo anatenga kanthu konga sopo wochapira, kokhala ndi chingwe ndi kagalasi kakang'ono, anapaka mafuta pamimba pa Misozi n'kuyamba kuyendetsa. Anafufuza uku, anafufuza uku, nkhope ikuyamba kuda nkhawa. Ine ndinkaona kuti akusaka mbali yolakwika. Ndinadziletsa, ndinadziletsa, kenako pakamwa panga panandipambana. Ndinati mwanawe, msana wa mwana uli kumanzere, tsika pang'ono. Misozi anabisa nkhope ndi manyazi. Koma namwinoyo anandiyang'ana, anafunsa Misozi kanthu kena, kenako anandipatsa kachipangizoko m'manja.

Manja sanaiwale, ana inu. Ndinagwira mimba kamodzi, ndinapeza mutu, ndinapeza msana, ndinaika. Pa kagalasi paja panatuluka manambala, akuphethira. Mtima wa mwana, wolembedwa poyera, woti munthu n'kuwerenga ndi maso. Ndinawerenga ndipo ndinamuuza Misozi kuti mwana wako ali bwino, ndipo ulendo uno ndinkadziwa ndekha, popanda chala cha munthu pa mkono wanga. Ndinakhala ndikuyang'ana manambalawo nthawi yaitali kuposa yofunika.

Ndinamufunsa namwinoyo kuti zinthu zimenezi zayamba liti. Ndinkafuna anene kuti chaka chatha.

"Kuno zangobwera kumene, agogo," anatero. "Koma m'zipatala zikuluzikulu zinalipo kalekale. Aphunzitsi athu ankati ankazigwiritsa ntchito ife tisanabadwe."

Ndinamuuza kuti abwereze, ndikuyembekeza kuti mwina ndawerenga molakwa milomo yake. Anabwereza pang'onopang'ono, mwaulemu, mawu omwewo. Ndinawerengera zaka zake mumtima. Tsiku limene madokotala anayi aja ankaweramira mafayilo, kanthu kameneka kanali m'nyumba yomweyo, mwina chipinda chotsatira.

Ndinamubwezera kachipangizo kake. Ndinapukuta mafuta aja pa chitenje changa, ndinatenga chikwama cha Misozi, ndinatuluka kukakhala pa benchi panja pamodzi ndi azigogo ena operekeza.